Kukalawa Chakudya cha ku Japan Koyamba: Zili M'mbalemo N'chiyani?

Anthu awiri akakhala pansi mu lesitilanti ya chakudya cha ku Japan kwa nthawi yoyamba, chimene chimayamba kuwazunguza ndi menyu. Mawu ake ndi achilendo okhaokha: nigiri, maki, sashimi, miso, tempura, ramen. Posakhalitsa wina amanong'oneza mnzake kuti, "Aise, si nsomba zosaphika zija zimenezi?" Funsoli ndi lomveka, koma limachokera pa kusakaniza zinthu zingapo zosiyana. Nsomba yaiwisi ilipodi, komabe ndi kagawo kochepa ka kadyedwe ka ku Japan. Munthu akadziwa ntchito ya mpunga, msuzi ndi mchere m'kaphikidwe kameneka, menyu uja amawerengeka ndipo amadziwa poyambira.

Mpunga ndiye mwini chakudya

Kadyedwe ka makolo a ku Japan kamatchedwa washoku. Bungwe la UNESCO linakaika pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kusungidwa mu 2013, ndipo ndi mndandanda womwewo umene nsima ya ku Malawi inalowapo mu 2017. Kufanana kwake sikuthera pamenepo. Mawu akuti gohan amatanthauza mpunga wophika, komanso amatanthauza chakudya chonse, monga mmene munthu kwathu amanenera kuti sanadye ngati sanaone nsima.

Chakudya cha pakhomo chimatsatira dongosolo lotchedwa ichiju-sansai, kutanthauza msuzi umodzi ndi ndiwo zitatu. Pamakhala mbale ya mpunga, kambale ka msuzi, ndiwo yaikulu monga nsomba yootcha, tindiwo tiwiri ta masamba kapena tofu (chakudya choyera chofewa chopangidwa ndi soya), ndi tizidutswa ta masamba oviikidwa mu mchere. Chilichonse chimabwera m'kambale kakekake. Mpunga suthiridwa mchere kapena mafuta, ndipo anthu sausakaniza ndi msuzi. Amatapa ndiwo pang'ono, kenako mpunga, kenako amamwa msuzi, n'kumazungulira choncho.

Mpungawo ndi wa njere zazifupi zonenepa, ndipo mtundu wotchuka ndi Koshihikari. Ukapsa umagwirana, n'chifukwa chake umanyamulika ndi timitengo. Mpunga wa njere zazitali monga wa Kilombero ndi wonunkhira bwino, koma sugwirana chimodzimodzi, moti amene amayesa kuumba nawo sushi kunyumba amadabwa ikumwazika m'manja.

Dashi ndi kakomedwe kotchedwa umami

Anthu ambiri olawa koyamba amanena kuti chakudyachi chilibe anyezi wokazinga, chilibe tomato, chilibe tsabola, koma chikukoma. Chimene akumvacho ndi dashi, msuzi woyera mbee umene uli pansi pa pafupifupi chilichonse chophikidwa ndi madzi.

Dashi wodziwika amapangidwa ndi zinthu ziwiri. China ndi kombu, ndere zokhuthala za m'nyanja ya mchere zimene zambiri zimachokera ku chilumba cha Hokkaido. China ndi katsuobushi, nsomba ya katsuo yowiritsidwa, yowambidwa pa utsi n'kuumitsidwa mpaka kulimba gwa ngati thabwa, kenako n'kupalidwa tizipepala topyapyala. Pa lita imodzi ya madzi amaikapo magalamu 10 a kombu, n'kuisiya inyowe kwa mphindi 30. Amatenthetsa pang'onopang'ono ndipo amavuula kombu madzi asanabwate. Ikabwatira momwemo msuzi umaterera n'kuwawa. Akatero amathiramo magalamu 10 mpaka 20 a katsuobushi, amazimitsa moto, amadikira mphindi imodzi kapena ziwiri, n'kusefa osafinya. Kufinya kumatulutsa fungo la nsomba limene silifunika.

Mu 1908 katswiri wa sayansi wa pa yunivesite ya ku Tokyo, Kikunae Ikeda, anapeza kuti kukoma kwa kombu kumachokera ku glutamate. Kakomedweka anakatcha umami, kachisanu pambuyo pa kutsekemera, kuwawasa, kuwawa ndi mchere. Chaka chotsatira ufa wa glutamate wotchedwa Ajinomoto unayamba kugulitsidwa. Mu 1913 wophunzira wake, Shintaro Kodama, anapeza kuti katsuobushi ili ndi chinthu china, inosinate. Ziwirizi zikakumana, kukoma kumachuluka kwambiri kuposa chimodzi pachokha.

Lilime lathu limaudziwa kale umami ngakhale dzinalo ndi lachilendo. Tomato wakupsa ali ndi glutamate wambiri, nsomba zouma zili ndi inosinate, ndiye mphika wa usipa wouma wothira tomato umachita zomwezo. Ku Japan kulinso dashi wa niboshi, tinsomba touma tofanana kwambiri ndi usipa, ndipo ophika amatichotsa mitu ndi matumbo kuti msuzi usawawe.

Msuzi wa miso ndi dashi yemweyo wosungunuliramo miso, phala lolimba la soya wofufumitsidwa ndi mchere komanso chuku chabwino chotchedwa koji. Supuni yaikulu imodzi imakwana kambale kamodzi. Miso amathira komaliza ndipo sabwatitsanso, chifukwa fungo lake limathawa. Kambaleko mumakanyamula n'kumwa ngati tiyi, ndipo timitengo ndi tongotolera tofu ndi ndere zimene zili mkatimo.

Sushi ndi mpunga wa viniga

Apa ndi pamene pagona chisokonezo chachikulu. Chimene chimapangitsa chakudya kukhala sushi ndi mpunga wothira viniga, shuga ndi mchere. Pamwamba pake pakhoza kukhala nsomba yaiwisi, nsomba yophika, dzira, nkhaka kapena tofu wokazinga, ndipo zonsezo ndi sushi.

Chiyambi chake chinali kusunga nsomba kuti isaole. Anthu ankathira nsomba mchere n'kuikwirira mu mpunga wophika kwa miyezi yambiri. Mpunga unkasasa, kusasako n'kuteteza nsomba, ndipo pomadya ankataya mpungawo. Njirayi imatchedwa narezushi, ndipo ikadalipo m'mbali mwa nyanja ya Biwa, kumene amapanga funazushi wa fungo lamphamvu loti ngakhale anthu ambiri a ku Japan salipirira. M'nyengo ya Edo, yomwe inayamba mu 1603 n'kutha mu 1868, viniga anafala ndipo anthu anayamba kumuthira mu mpunga m'malo modikira kuti usase wokha. Cha m'ma 1820, mu mzinda wa Edo womwe lero ndi Tokyo, kunabadwa nigiri, kambamu ka mpunga koumbidwa ndi dzanja kokhala ndi kachidutswa ka nsomba pamwamba. Munthu amene amatchulidwa kawirikawiri kuti anaitchukitsa ndi Hanaya Yohei. Inali chakudya cha anthu othamanga, chogulidwa m'mbali mwa msewu monga timachitira pa chiwaya. Popeza kunalibe firiji, nsomba zambiri zinkanyikidwa mu shoyu (msuzi wakuda wa soya) kapena viniga, zina zinkaphikidwa.

Kakonzedwe ka mpungawo kali motere. Pa magalamu 300 a mpunga wosaphika pamafunika mamililita 45 a viniga wa mpunga, masupuni aakulu awiri a shuga ndi kasupuni kamodzi ka mchere. Mpunga amautsuka mpaka madzi ayere, amaunyika mphindi 30, amauphika ndi madzi ochepa, ndipo ukadali wotentha amauthira viniga uja n'kumaudula ndi chipande chaphwatalala kwinaku akuupepeza. Kuutakasa ngati nsima kumaphwanya njere n'kusanduka phala. Sushi yabwino imafika mpunga uli wofunda ngati thupi la munthu. Yochokera m'firiji imakhala yolimba ndi yozizira, ndipo anthu ambiri amene amati sushi sikoma analawa yotereyi.

Pa menyu, nigiri ndi kambamu kaja, ka mpunga wa magalamu 15 mpaka 20. Maki ndi mpunga wokulungidwa mu nori, ndere zopyapyala zakuda, n'kudulidwa zidutswa 6 kapena 8. Uramaki ndi yotembenuza, mpunga kunja nori mkati. Temaki imakulungidwa pamanja, yotambalala kumwamba ndi yosongoka kumunsi, ndipo iyenera kudyedwa pompopompo nori isanalefuke. Inari ndi kathumba ka tofu wokazinga kotsekemera kodzaza mpunga. Malo amene timbale ta sushi timayenda pa lamba anayamba mu 1958 ku Higashiosaka, pamene Yoshiaki Shiraishi anatsegula Genroku Zushi. M'malo ambiri otere mtengo umadziwika ndi mtundu wa kambale, ndipo pomaliza amawerenga timbale timene mwaunjika.

Sashimi ndi nkhani ya nyongolotsi

Sashimi ndiyo nsomba yaiwisi yeniyeni, yodulidwa bwino, yopanda mpunga. Nsomba yoyenera kudyedwa chonchi sinunkha. Imakhala yonyezimira, yolimba pang'ono, ndipo mkamwa imamveka yofewa ngati peyala lakupsa. Ikakhala ndi fungo lamphamvu, m'mphepete mwauma kapena mtundu wathimbirira, ibwezeni.

Chiopsezo chodziwika ndi nyongolotsi yotchedwa anisakis, yoyera ngati ulusi, yotalika masentimita 2 kapena 3. Imapezeka m'nsomba za m'nyanja ya mchere monga saba (mackerel) ndi salmon yogwidwa m'nyanja. Ikamezedwa yamoyo imaboola khoma la chifu, ndipo patangopita maola ochepa munthu amamva kupotokola koopsa m'mimba ndi kusanza. Madokotala amaichotsa ndi kachipangizo kolowetsa kukhosi. Viniga, mchere, shoyu ndi wasabi (chokometsera chobiriwira chaukali) siziipha, ngakhale anthu ambiri amakhulupirira kuti zimatero. Chimene chimaipha ndi moto wopitirira madigiri 60 kwa mphindi imodzi, kapena kuzizira kwa madigiri 20 pansi pa ziro kwa maola osachepera 24. Malangizo a ku America amati pa kuzizira komweko pakhale masiku 7. Firiji ya kunyumba kawirikawiri siifika pamenepo, makamaka kumene magetsi amazimazima.

N'chifukwa chake salmon, imene lero anthu amaiona ngati mwini sushi, kale sinkadyedwa yaiwisi ku Japan. Inalowa m'ma 1980 ndi m'ma 1990, dziko la Norway litalimbikira kugulitsa salmon yake yoweta, imene chiopsezo chake cha nyongolotsi n'chochepa.

Nsomba za m'madzi opanda mchere zili ndi nyongolotsi zakezake zimene zimatha kukhazikika m'thupi la munthu. Chambo, kampango kapena mpasa, ngakhale zitangovuulidwa kumene, si zoyeserera sashimi kunyumba. Amayi oyembekezera, ana aang'ono, okalamba ndi amene chitetezo cha m'thupi chatsika ndi bwino adye zophika zokha, ndipo sasowa chodya.

Tinthu titatu ta m'mbali mwa mbale

Kobiriwira kaja ndi wasabi, ndipo oyamba kumene amakasokoneza ndi peyala. Ukali wake ndi wosiyana ndi wa kambuzi. Kambuzi amawotcha lilime n'kukhalitsa, pamene wasabi amakwera m'mphuno, misozi n'kulengeza, koma pakapita kanthawi kochepa zatha. Mukapyoza muyeso, kokani mpweya ndi mphuno n'kuutulutsira mkamwa. Wasabi weniweni ndi tsinde la chomera chokonda madzi ozizira oyenda, cholimidwa kwambiri ku Shizuoka ndi ku Nagano. Ndi wodula, ndipo akapalidwa fungo lake limayamba kuzilala pakatha mphindi 15. Amene amaperekedwa m'malesitilanti ambiri ndi muzu wa horseradish wosakaniza ndi mpiru ndi utoto wobiriwira. Mu nigiri wophika amakhala ataikamo kale pang'ono pakati pa mpunga ndi nsomba.

Shoyu ndi msuzi wakuda wa soya, tirigu ndi mchere. Ndi wamchere kwambiri, pafupifupi magalamu 16 pa magalamu 100 alionse, choncho thirani wongokwanira kuphimba pansi pa kambale. Tembenuzani nigiri kuti nsomba ndiyo ikhudze shoyu. Mpunga ukanyikidwa umamwa wambiri, umasweka, ndipo mumangomva mchere. Nigiri imalowa mkamwa yonse kamodzi, ndipo kuigwira ndi manja n'kololedwa.

Tizidutswa topyapyala totuwa kapena tofiirira ndi gari, jinja wa mu viniga. Ntchito yake ndi kutsuka mkamwa musanalawe nsomba ina.

Zapamoto

Tempura ndi masamba kapena ebi, tinkhanu ta m'nyanja, zoviikidwa mu fulawa wamadzimadzi n'kukazingidwa. Njirayi imagwirizanitsidwa ndi Apwitikizi amene anafika ku Japan mu 1543 n'kumachita malonda ku Nagasaki. Fulawa amamukandira ndi madzi ozizira kwambiri, mongovundula pang'ono mpaka timibulu titsale, n'kukazinga m'mafuta a madigiri 170 mpaka 180. Akavundula kwambiri chikuto chimalemera ngati mandasi, ndipo mafuta akazizira chimamwa mafuta. Tempura idyedwe ikangofika.

Ramen anachokera ku zakudya za anthu a ku China, ndipo sitolo ya Rairaiken imene inatsegulidwa ku Asakusa mu 1910 imatchulidwa ngati imodzi mwa zoyamba. Timizere take ta tirigu timakandidwa ndi kansui, madzi ofanana mphamvu ndi chidulo kapena soda wophikira therere, ndipo ndi amene amatipatsa mtundu wachikasu ndi kutanuka. Timapaketi tophika mphindi zochepa timene tili m'magolosale tinachokera kwa Momofuku Ando mu 1958, koma ramen ya mu lesitilanti ndi ina: msuzi wake umaphikidwa maola ambiri. Idyeni mwachangu, chifukwa pakatha mphindi 10 timizereto timafufuma. Kufwenkha mokweza pomeza n'kololedwa ku Japan, ndipo kumathandiza kuti musapse.

Yakitori ndi kanyenya wa nkhuku wa pa timitengo. Karaage ndi nkhuku yokazinga yonyikidwa mu shoyu ndi jinja. Kare ndi mpunga wa msuzi wokhuthala wa curry, ndipo tonkatsu ndi nkhumba yokazinga. Zakudya za nyama zambiri ndi zatsopano poyerekeza ndi zina, chifukwa mu 675 mfumu Tenmu inaletsa kudya ng'ombe, akavalo, agalu, anyani ndi nkhuku, ndipo kuipidwa ndi nyama kunakhala zaka mazana ambiri mpaka mfumu Meiji itadya nyama poyera mu 1872.

Natto ndi soya wofufumitsidwa amene amananda n'kutulutsa tiulusi, wa fungo lamphamvu. Wozolowera therere savutika ndi kutererako, koma fungolo limafuna kuzolowera.

Kuitanitsa muli awiri

Ubwino wopita ndi mnzanu ndi woti mumalawa zambiri osawononga. Yambani ndi mbale imodzi ya edamame, soya wamuwisi wowiritsidwa m'makoko ndi mchere, amene mumafinyira mkamwa n'kutaya makoko. Aliyense atenge msuzi wa miso wake. Gawanani tempura imodzi ndi maki awiri ophika kapena a masamba, monga kappa maki wa nkhaka ndi California roll wa peyala. Kenako itanitsani nigiri ya salmon kapena tuna. M'malo ambiri imabwera ziwiriziwiri, ndiye aliyense imodzi. Ikakukomerani onjezerani, ikakana simunataye zambiri. Ramen si yogawana bwino. Omakase, kumene mumasiyira wophika kuti akusankhireni, imalowa kwambiri m'thumba ndipo mumadya chilichonse chimene chabwera, choncho ndi ya ulendo wina.

Pali zinthu zobisika zimene muyenera kufunsa musanaitanitse, makamaka ngati mnzanuyo ali ndi zimene sadya. Ramen ya tonkotsu ndi ya mafupa a nkhumba, ndipo ramen zambiri zimabwera ndi chashu, yemwenso ndi nkhumba. Gyoza, tizithumba ta fulawa tonga samusa, kawirikawiri amakhala ndi nkhumba mkati. Mirin ndi sake, zomwe zili ndi mowa, zimathiridwa m'misuzi yambiri. Amene sadya nsomba zopanda mamba kapena nkhanu asamale ndi unagi, womwe ndi mkunga, komanso ebi, ika (squid) ndi tako (octopus). Msuzi wa miso umaoneka wa masamba koma dashi wake ndi wa nsomba. Shoyu ali ndi tirigu, ndipo soba, timizere tonga ta ramen, imapangidwa ndi mbewu imene anthu ena imawatupitsa thupi koopsa.

Timitengo todyera

Timatchedwa hashi. Kam'munsi kamakhazikika pakati pa chala chachikulu ndi chachinayi osasuntha, ndipo kam'mwamba mumakagwira ngati cholembera n'kumakayendetsa kokha. Zikakanika pemphani foloko, palibe amene angakudabweni.

Zinthu ziwiri ndi zoyenera kupewa chifukwa zimakumbutsa maliro. Musaimike timitengo chilili mu mpunga, poti umo ndi mmene amaperekera mpunga kwa womwalira. Musapatsirane chakudya kuchokera pa timitengo tanu kupita pa ta mnzanu, poti umo ndi mmene achibale amatolera mafupa mtembo ukawotchedwa. Mukafuna kumugawira, ikani pa kambale kake. Kathaulo konyowa kamene amakupatsani poyamba, oshibori, ndi kopukutira m'manja. Anthu amati itadakimasu asanayambe kudya ndipo amati gochisosama akamaliza, ndipo chakumwa amathirirana m'malo moti aliyense adzithirire. Ku Japan kwenikweniko woperekera zakudya sapatsidwa ndalama yapadera, koma ku Johannesburg kapena ku London mumatsatira chizolowezi cha kumeneko.

Zimene anthu sakugwirizanabe

Funso loyamba ndi lakuti chakudya chenicheni cha ku Japan ndi chiti. California roll inabadwira ku North America, ndipo pali kutsutsana ngati inayambira ku Los Angeles kapena ku Vancouver. Mu 2006 unduna wa zaulimi wa ku Japan unaganiza zomapereka ziphaso kwa malesitilanti a kunja ophika molondola, koma anthu anadandaula kwambiri ndipo ganizolo linasiyidwa. Ena amati popanda muyeso dzina la washoku lidzasukuluka. Ena amayankha kuti tempura, ramen ndi kare nazonso zinali zobwera, ndiye malire adulidwe pati?

Lachiwiri ndi la nsomba. Tuna yaikulu ya bluefin inachepa kwambiri chifukwa chogwidwa mopyola muyeso, ndipo mu Januwale 2019 imodzi ya makilogalamu 278 inagulidwa mayeni (ndalama za ku Japan) 333.6 miliyoni pa msika wa Toyosu ku Tokyo. Malamulo ochepetsa kugwira athandiza kuti iyambe kuchulukanso, koma asodzi ndi oteteza zachilengedwe amasiyana pa kuchuluka koyenera kuloledwa. Mkunga wa ku Japan unaikidwa m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi mu 2014, ndipo pafupifupi wonse woweta umayamba ndi tiana togwidwa m'chilengedwe. Kodi kuuswetsa m'madamu kudzatsika mtengo n'kufika poti kulowe m'malo mwa kugwira tianato?

Pa ufa wa glutamate, mabungwe oona za chakudya m'maiko ambiri amati ndi wosaopsa pa muyeso wa masiku onse, komabe anthu ena amati umawapweteketsa mutu ndipo malesitilanti ena amalengeza kuti sauthira. Palinso nkhani ya mchere: kadyedwe ka ku Japan kamatamandidwa chifukwa cha nsomba, masamba ndi mafuta ochepa, koma shoyu, miso ndi masamba a mu mchere zimakweza mchere umene munthu amadya pa tsiku, ndipo akatswiri akufufuzabe kuti pa moyo wautali wa anthu a kumeneko chakudya chili ndi gawo lalikulu bwanji. Ku Japan komweko mpunga ukudyedwa mochepa: mu 1962 munthu mmodzi ankadya makilogalamu 118 pa chaka, pamene masiku ano ndi pafupifupi 50. Buledi, nyama ndi zakudya zogula zophikaphika zatenga malo, ndipo sizikudziwika ngati mbale ya msuzi umodzi ndi ndiwo zitatu idzakhalabe chakudya cha tsiku ndi tsiku kapena cha pa zikondwerero zokha.